Kupalasa njinga pagulu kunja kwa Johannesburg: mafunso ndi mayankho

Abale ndi alongo ambiri olankhula Chichewa kuno ku Joni, a ku Malawi, a ku Chipata ngakhale a ku Tete, amatifunsa za kalabu yathu ya njinga. Ena amafunsa tikakumana ku tchalitchi, ena pamaliro, ena amatiimika pamaloboti tikubwerera Lamlungu masana. Mafunso ake amafanana, ndiye tawasonkhanitsa pamodzi ndi mayankho ake. Tikufuna kuti amene ali ndi mtima woyamba ayambe akudziwa chomwe akulowamo, ndiponso kuti azibwerera kunyumba ali bwinobwino.

Kwathu njinga ndi ya ntchito. Kupalasa makilomita 50 wopanda katundu n'kubwerera pomwe unayambira, phindu lake n'chiyani?

Funsoli timalimvetsa, paja ambiri a ife tinakula njinga ikupita kuchigayo, ikusenza matumba a makala ndi a feteleza, ikutengera wodwala kuchipatala. Ena tinachitako kabaza ku Salima, ku Balaka kapena ku Mchinji tisanabwere kuno. Komatu taonani mmene moyo wa kuno umakhalira. Umadzuka kusanache, kukwera takisi, kugwira ntchito tsiku lonse m'munda mwa bwana, m'khitchini, pageti kapena m'shopu, madzulo n'kukalowa m'kachipinda kamodzi. Mawa chimodzimodzi. Thupi limalemera, BP imakwera, shuga amayamba, ndipo nkhawa za lendi, za mapepala ndi za ana kumudzi zimasowa potulukira. Maola atatu m'misewu ya kumafamu, mphepo ikuwomba kumaso, uli ndi anzako olankhula chinenero chako, amachotsa zambiri mumtima ndi m'thupi momwe. Usiku wake umagona tulo tenitenito.

Ena amati awa ndi masewera a azungu ndi a anthu olemera. N'zoona kuti kumeneko mudzaona njinga zodula kuposa galimoto. Koma msewu ndi wa aliyense. Nicholas Dlamini anakulira m'dera losauka la Capricorn Park ku Cape Town, ndipo mu 2021 anakhala munthu wakuda woyamba wa ku South Africa kupalasa nawo mpikisano wa Tour de France. Inu amene munakwezapo thumba la chimanga pachitunda, miyendo muli nayo kale. Chomwe kalabu idzakuphunzitseni ndi kuyenda ndi anzanu.

Mumapalasa kuti?

Kawirikawiri timapita ku Cradle of Humankind, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, pakati pa Muldersdrift, Lanseria ndi Krugersdorp. Bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1999 chifukwa cha mafupa akalekale omwe anapezeka m'mapanga a Sterkfontein ndi ena oyandikana nawo. Kwa ife a njinga, ubwino wake ndi woti misewu ina ya kumeneko ili ndi kanjira ka njinga m'mphepete mwa phula, ndipo oyendetsa magalimoto anazolowera kuona njinga Loweruka ndi Lamlungu m'mawa. Njira yozungulira yomwe ambiri amaidziwa, yodutsa cha ku Kromdraai, ndi ya makilomita pafupifupi 30. Ilibe phiri lalikulu, koma ilibenso chigwa chopumirapo: ukangotsika, wayambanso kukwera. Amene amakhala ku Cosmo City, Zandspruit ndi Honeydew ali ndi mwayi, chifukwa Malibongwe Drive ndi Beyers Naudé Drive zimalunjika mbali yomweyo. Misewu iwiriyi imadzaza ndi matakisi dzuwa likakwera, choncho timaidutsa m'mamawa, tili pamodzi.

Amene akhwima amapitirira mpaka ku Hekpoort pa msewu wa R563, kumene kuli chitunda chachitali chomwe chimayesa munthu pobwerera. Tsiku loyamba musapite kumeneko.

Okhala kumwera, monga ku Rosettenville, Turffontein ndi Lenasia, ku Cradle kumawatalikira. Iwo amakonda mbali ya Eikenhof, Walkerville ndi Henley on Klip, kupatuka mu R82 n'kulowa m'timisewu ta m'mafamu. Kulinso nkhalango yotetezedwa ya Suikerbosrand kufupi ndi Heidelberg. Kumeneko mumalipira pageti, magalimoto ndi ochepa, mbidzi mumaziona zikudya udzu pafupi ndi msewu, koma zitunda zake n'zowawa kuposa za ku Cradle. Ife timati munthu ayambe wapalasa miyezi ingapo asanayesere.

Njinga yanga yopitira kuntchito ingathe, kapena ndigule ina?

Bwerani nayo yomweyo. Ngati mabuleki onse awiri akugwira, matayala sanang'ambike, tcheni sichidumphadumpha ndipo magiya akusintha, ingathe ndithu ulendo wa oyamba kumene. Njinga ya matayala akuluakulu a mabampu imalemera pa phula, koma mukaika matayala osalala mudzadabwa mmene ipepukire. Kaliyala ndi basiketi muchotse tsiku limenelo.

Chofunika kuposa dzina la njinga ndi kukula kwa felemu. Njinga yaikulu kwambiri imapweteka msana ndi khosi, yaing'ono imapweteka maondo. Chishalo chikhale pamsinkhu woti mukaponda pedulo mpaka pansi, bondo likhale lopindika pang'ono chabe. Ambiri a ife tinazolowera chishalo chotsika chifukwa cha katundu, kuti phazi lifike pansi msanga, koma paulendo wautali chishalo chotsika chimatha maondo.

Mukafuna kugula ya kaunjika, chenjerani. Njinga zakuba zimagulitsidwa kwambiri mumzinda uno, pa Facebook ndi m'mphepete mwa msewu. Munthu akakutsatsani njinga yapamwamba pamtengo wa chakudya cha sabata imodzi, isiyeni. Mukapezeka nayo mlandu ndi wanu, ndipo kwa mlendo m'dziko la eni nkhani yotere imakula msanga. Itembenuzeni njingayo, muone nambala yomwe inadindidwa pansi pa felemu pakati pa mapedulo, muijambule pafoni, ndipo wogulitsayo akulembereni lisiti yokhala ndi dzina lake. Ngati nambalayo inafufutidwa, musafunsenso zambiri, chokanipo.

Ndiyenera kutenga chiyani?

Helemeti, botolo la madzi kapena awiri, chubu chapadera cholingana ndi tayala lanu, pampu yaing'ono, timapulasitiki tochotsera tayala, zigamba ndi guluu, foni yotchajidwa, ndalama pang'ono, ndi nyali yofiira yakumbuyo. Malaya akhale owala, oonekera patali. Kabudula wa njinga wokhala ndi thonje pakati amathandiza kwambiri ulendo ukapitirira ola limodzi, koma mukhoza kuyamba wopanda.

Malamulo a pamsewu amati chiyani za njinga?

Kuno timayenda kumanzere monga kwathu, ndiye pamenepo palibe chachilendo. Kusiyana kwake ndi uku: kuyambira mu 2004 lamulo la dziko lino limafuna kuti aliyense wokwera njinga pamsewu avale helemeti, yomangidwa bwino pachibwano. Lamulo limatinso okwera njinga aziyenda mondondozana, m'modzi kumbuyo kwa mnzake, kupatula pamene wina akupitirira mnzake. Njinga siloledwa m'misewu ikuluikulu yothamangitsa magalimoto, monga N1, M1 ndi N3. Maloboti ofiira ndi zikwangwani zoimitsa zimagwira ntchito kwa ifenso, ndipo kugwirira galimoto yoyenda kuti ikukokeni pachitunda n'koletsedwa. Kumudzi ena tinkachita zimenezi kumbuyo kwa lole, kuno musayerekeze.

Pa helemeti sitikambirana. Mukafika wopanda, tidzakubwerekani ngati ilipo yapadera. Ngati palibe, mudzabwerera kunyumba, ndipo sikukudani ayi.

Sindinapalasepo pagulu. Chovuta n'chiyani?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Munthu amene wapalasa yekha moyo wake wonse amazolowera kuganizira tayala lake lokha. Akaona dzenje amakhota mwadzidzidzi, akatopa amasiya kupalasa, akafuna kuima amangogwira buleki. Ali yekha palibe vuto. Pagulu, kumbuyo kwake kuli munthu wina amene sakuona msewu, akungoona msana wake. Tayala lakutsogolo la wakumbuyo likangokhudza tayala lakumbuyo la wakutsogolo, wogwa ndi wakumbuyoyo, ndipo onse omutsatira amagwera pa iye.

N'chifukwa chake timaphunzitsa zinthu zochepa koma mobwerezabwereza. Yendani mowongoka. Musayang'ane tayala la mnzanu, yang'anani kupyola phewa lake kuti muone zomwe zikubwera. Tayala lanu lisalowe pambali pa tayala lake, likhale kumbuyo kwenikweni. Buleki muzigwira pang'onopang'ono, ndipo nthawi zambiri kungosiya kukankha mapedulo kwa kamphindi n'kokwanira. Poyamba siyani mpata wokwana njinga imodzi yathunthu, mudzayandikira mukazolowera.

Amene ali kutsogolo ndiye maso a onse. Akaona dzenje, magalasi osweka kapena mchenga, amaloza ndi dzanja n'kufuula, ndipo aliyense amapereka uthengawo kwa womutsatira mpaka ufike kwa womaliza. Womaliza nayenso ndi makutu a onse: akamva galimoto kumbuyo amafuula, uthenga n'kukwera kutsogolo. Ife timangoti “Dzenje!”, “Galimoto kumbuyo!”, “Tikuima!”. Mukalowa m'magulu ena mudzamva “hole”, “car back” ndi “stopping”, ndipo ndi bwino kuwadziwa mawu amenewa chifukwa ku Cradle magulu amasakanikirana. Mahedifoni m'makutu ayi, ngakhale khutu limodzi.

Nanga n'kuvutikiranji kuyenda moyandikana chonchi? Chifukwa cha mphepo. Pamalo athyathyathya, mphamvu zambiri za wopalasa zimathera polimbana ndi mpweya. Wakutsogolo amaung'amba mpweyawo, ndipo amene ali kumbuyo kwake amatha kusunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. Ndiye timasinthana. Wamphamvu amakhalitsa kutsogolo, wofooka amangokhalako pang'ono kapena osafikako n'komwe, ndipo palibe womunena. Zili ngati pa dima: aliyense amagwira mzere wake, koma wothamanga khasu akamaliza amatembenuka kudzathandiza amene watsalira, munda wonse n'kutha dzuwa lisanalowe. Mukafika kutsogolo musawonjezere liwiro pofuna kuonetsa mphamvu, chifukwa mudzadula gulu pakati. Sungani liwiro lomwe mwalipeza, mukatopa onetsani chizindikiro, yang'anani kumbuyo ngati kulibe galimoto, patukani pang'ono anzanu adutse, inu n'kukalowa kumchira.

Chinanso chimene oyamba sachidziwa: mukaimirira pa mapedulo pachitunda, njinga imachita ngati yabwerera m'mbuyo pang'ono. Wakumbuyo akakhala pafupi amagunda. Nenani kaye kuti mukuimirira, kenako imirirani uku mukukankha pedulo mwamphamvu.

Ndikatopa n'kutsalira, mudzandisiya m'tchire?

Ayi. Paulendo uliwonse timasankha munthu m'modzi wodziwa njira ndi kukonza njinga kuti akhale womaliza, ndipo iye sapitirira aliyense. Pamwamba pa chitunda chachitali ndi pamphambano iliyonse timaima mpaka onse afike. Tayala la wina likaphwa, timapatuka tonse kunja kwa msewu n'kuthandizana. Chomwe timapempha n'choti muzinena msanga. Mawu oti “achimwene, tachepetsani pang'ono” alibe manyazi. Choopsa ndi munthu amene watha mphamvu koma wangoti phee, chifukwa wotopa amayamba kuyenda mokhotakhota. Ndipo ngati mwaganiza zobwerera panjira, uzani wotsogolera, musangosowa.

Kwathu ndinkapalasa tsiku lonse, koma kuno ndikumapuma wefuwefu pa kachitunda kakang'ono. Ndadwala?

Mwina ayi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mamita 1,000 ndi pang'ono, kunyanja monga ku Mangochi ndi Salima ndi cha m'ma 500, ndipo ku Nsanje n'kotsika kwambiri. Pamwamba chonchi mpweya ndi wopepuka, kupuma kumodzi sikulowetsa wochuluka ngati kwathu. A ku Dedza savutika kwenikweni. Thupi limazolowera pakapita masabata angapo. Koma ngati mukumva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, imani pomwepo ndipo mukaonane ndi a kuchipatala musanakwerenso njinga. Amene muli ndi BP kapena shuga, kapena mwapitirira zaka 40 musakuchita masewera aliwonse, yambani mwakayezetsa kukiliniki.

Mvula ndi kuzizira mumatani nazo?

Chilimwe cha kuno, kuyambira cha mu October mpaka March, chimabwera ndi mvula ya mabingu masana, nthawi zina ndi matalala. Mphezi za dera lino zimapha anthu, ndipo kumafamu kulibe pobisala. N'chifukwa chake timanyamuka 6 koloko m'mawa kapena isanakwane, kuti pofika 10 kapena 11 koloko tikhale tabwerera. Bingu likakupezani panjira, musabisale pansi pa mtengo woima wokha kapena pafupi ndi mpanda wa waya. Funani nyumba, shopu kapena filingi siteshoni, mudikire kufikira litadutsa. Dzuwa nalo limawotcha kwambiri pamtunda chonchi, ndipo khungu lakuda limapsanso, makamaka pakhosi ndi pamikono.

Kuyambira May mpaka August mvula kulibe, koma m'mawa kumagwa chisanu, makamaka m'zigwa za mitsinje ku Cradle. Zala zimauma mpaka kulephera kugwira buleki. Magolovesi aatali ndi ofunika, pamodzi ndi zovala zopyapyala zingapo zoti muzivula dzuwa likamakwera. Mu June dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko, ndiye timachedwetsa ulendo. Nyengo yomweyi udzu umapsa m'mphepete mwa misewu, utsi n'kutseka njira. Musalowe mu utsi, oyendetsa galimoto sakuonani. Mu August kumawomba mphepo yamphamvu, ndipo pamenepo m'pamene munthu amayamikira kukhala pagulu.

Ndidye chiyani?

Nsima ya dzulo madzulo ndi mafuta abwino kwambiri. M'mawa idyani chopepuka ola limodzi musananyamuke: phala, buledi wopaka chiponde, tiyi. M'thumba ikani nthochi, mbatata yophika kapena mtedza. Ulendo ukapitirira ola ndi theka, yambani kudya pang'onopang'ono njala isanakugwireni, chifukwa ikakugwirani pa njinga miyendo imangoti zii, ndipo sibwerera msanga. Madzi imwani pafupifupi botolo limodzi pa ola, kukatentha onjezerani. Timapaketi todula ta m'mashopu a njinga simukufunikira kugula. Mowa wa Loweruka usiku ndi njinga ya Lamlungu m'mawa siziyendera limodzi, ndipo amene wabwera akununkha mowa sitimulola kulowa pamzere.

Nanga achifwamba ndi ngozi?

Sitikubisirani, kulanda njinga kumachitika, m'misewu ya kumafamu ngakhalenso m'tinjira ta mumzinda monga ta m'mbali mwa mtsinje wa Braamfontein Spruit. Olandidwa kawirikawiri ndi amene ali okha, m'mamawa kwambiri kapena madzulo. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Kuchokera kunyumba kupita pokumanira, gwirizanani ndi mnzanu wokhala dera limodzi. Akakutsekerezani, perekani njingayo osalimbana nawo, ina idzapezeka. Njira ya ulendo ndi nthawi yonyamukira musaziike poyera pa intaneti.

Magalimoto ndiwo amavulaza ambiri. Msewu wopapatiza wodzaza mathiraki, monga R512 kupitirira Lanseria kulowera ku Hartbeespoort, ife timaupewa. Lamlungu m'mawa mumakhalanso oyendetsa amene akuchokera kumowa. Nyali yakumbuyo iziyaka ngakhale masana.

Pakachitika ngozi, awiri aime patali mbali zonse kuchenjeza magalimoto. Wogwayo ngati wamenyetsa mutu, kapena akudandaula khosi kapena msana, musamunyamule ndipo musamuvule helemeti. Imbani 112 pafoni ya m'manja, 10177 ya ambulansi, kapena 10111 ya apolisi. Helemeti yomwe yamenyetsedwapo pansi mwamphamvu yatha ntchito, ngakhale ikuoneka yabwino kunja. Aliyense aziyenda ndi kapepala kolembapo dzina lake, nambala ya wachibale wa kuno ndi wa kumudzi, matenda amene ali nawo, komanso kope ya pasipoti kapena chitupa chake, zitakulungidwa m'pulasitiki. Ife alendo tikakomoka panjira, palibe wodutsa amene angadziwe kwathu.

Amayi ndi atsikana amaloledwa?

Kwambiri, ndipo tikufuna achuluke. Achemwali ena amada nkhawa ndi zovala zothina. Valani chomwe mtima wanu ukulola: thalauza la masewera, kapena kabudula wa njinga mkati ndi siketi yaifupi pamwamba. Chitenje ndi siketi yaitali zimakodwa mu tcheni ndi m'masipoko, ndiye chitenjecho chisungeni m'kachikwama, mudzamange tikaima pomwera tiyi. Mayi aliyense pagulu pathu ndi mlongo wathu, ndipo bambo amene angayambe zachipongwe timamuchotsa. Ana osakwana zaka 18 abwere ndi kholo lawo.

Zimafuna ndalama zingati, nanga ife opemphera kapena ogwira ntchito kumapeto kwa sabata?

Makalabu akuluakulu a mumzinda amalipiritsa pachaka, ndipo ena amakhala ndi galimoto yotsatira gulu kumbuyo. Ife timangosonkherana pang'ono zogulira machubu, zigamba ndi mafuta a pikapu tikamapita kutali. Ulendo woyamba simulipira kanthu. Poti ambiri amagwira ntchito Loweruka, ulendo waukulu umakhala Lamlungu m'mawa, ndipo amene mapemphero awo amayamba masana amafika nthawi yabwino. A Seventh Day ndi abale achisilamu tsikuli limawakomera. Amene tchalitchi chawo chimayamba m'mawa amapangana okhaokha tsiku lomwe apuma kuntchito, bola asachepere atatu.

Kodi ndingadzalowe nawo mpikisano?

Mungathe. Waukulu mumzinda uno ndi 947 Ride Joburg, womwe unayamba mu 1997 ndipo kawirikawiri umachitika mu November. Kutalika kwake ndi makilomita oposa 90, ndipo tsiku limenelo misewu ikuluikulu imatsekedwa kuti mudutse njinga zokha, anthu zikwizikwi. Ambiri salowa kuti apambane, amangofuna kumaliza. Kulinso Amashova, wochokera ku Pietermaritzburg kupita ku Durban, ndi Cape Town Cycle Tour wa makilomita 109 mu March. Kulembetsa kumafuna ndalama ndipo kumatsekedwa tsikulo lisanafike, choncho yambani kusunga msanga. Munthu amene wayamba nafe mu June n'kumabwera sabata iliyonse, akuwonjezera mtunda pang'onopang'ono kuchoka pa makilomita 30 mpaka 70 kapena 80, amakhala wokonzeka pofika November.

Ndatsimikiza mtima. Sabata ino ndichite chiyani?

Tsukani njinga, thirani mafuta mu tcheni, yesani mabuleki, pimani matayala ngati akusunga mpweya usiku wonse. Yeserani kuchotsa tayala ndi kusintha chubu muli pakhomo, kuti tsiku lomwe lidzaphwe panjira manja akhale akudziwa kale. Palasani kawiri kapena katatu m'dera lanu kwa mphindi 30, kuyesera kumwa madzi ndi kuloza ndi dzanja limodzi njinga ikuyenda mowongoka. Lamlungu fikani pokumanira mphindi 15 nthawi isanakwane, mudzauze wotsogolera kuti ndinu watsopano, ndipo adzakuikani pafupi ndi munthu amene adzayende nanu ulendo wonse.